Kuyendetsa nokha kapena kukwera basi: mmene mungawerengetsere ndalama ndi nthawi musanasankhe

Munthu akafuna kutsimikizira anzake kuti galimoto yake siimudyera zambiri, amatchula ndalama imene amathirira mafuta pa sabata, n'kuiyerekeza ndi imene mnzake amapereka kwa kondakitala pa masiku omwewo. Mwina ndalama ziwirizi zimapezeka kuti sizikusiyana kwenikweni, ndipo nkhani imathera pomwepo. Kuwerengetsa kotereku n'kolakwika, chifukwa ndalama ya basi ndi mtengo wonse wa ulendo, pamene ndalama ya mafuta ndi kachigawo chabe ka zimene galimoto imafuna. Wokwera basi amamva kuwawa tsiku ndi tsiku pamene akupisa m'thumba, koma mwini galimoto amalipira zambiri mwa apo ndi apo, zina kamodzi pachaka, zinanso osaziona n'komwe mpaka tsiku logulitsa galimotoyo. Amene alira mvula walira matope, ndipo ntchito yathu pano ndi kuyeza matopewo.

Musanayambe kulemba manambala, dziwani funso limene mukufuna kuyankha, popeza mafunso ndi awiri ndipo anthu amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti: kodi ndigule galimoto, kapena ndipitirize kusunga imene ndili nayo? Lachiwiri ndi lakuti: poti galimoto ilipo kale pabwalo, kodi mawa ndipite nayo kuntchito kapena ndiisiye? Pa funso loyamba mumawerengera chilichonse. Pa lachiwiri mumawerengera zokhazo zimene zimawonjezeka chifukwa cha ulendowo, pakuti inshuwalansi ndi msonkho mudzalipirabe ngakhale galimoto itagona m'galaja mwezi wonse. N'chifukwa chake anthu awiri akhoza kutsutsana mpaka usiku, aliyense akunena zoona, wina akuyankha funso loyamba, mnzake lachiwiri.

Ndalama zimene galimoto imadya itangoima

Tengani kope, ndipo patsamba loyamba lembani zolipira zonse zosadalira kutalika kwa ulendo. Muikemo inshuwalansi, msonkho wa pamsewu, ndalama yokayezetsa galimoto kuti aone ngati ili yoyenera kuyenda, yokonzetsa laisensi yanu ikatha, ndiponso yolipirira malo osungira galimoto usiku ngati kwanuko malowo ndi olipira. Ngati munagula pangongole, lembani chiwongoladzanja chake. Ngati munagula ndi ndalama zanu, musaganize kuti mwapulumuka, chifukwa ndalamazo zikanakhala kubanki kapena pamalonda zikanabereka, ndipo phindu limene mwataya ndi mtengo womwe mukulipira mwakachetechete.

Chachikulu pa tsamba limeneli, chimene ambiri amachidumpha, ndi kutsika mtengo kwa galimoto. Funsani ogulitsa magalimoto, kapena yang'anani pa intaneti, kuti mudziwe mtengo wa galimoto ya mtundu wanu yomwe ndi yakale kuposa yanu ndi zaka zisanu. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo mukugawe ndi miyezi 60. Tinene kuti galimoto imene mukugula lero idzagulitsidwa pa theka la mtengo wake pakatha zaka zisanu. Ndiye kuti chaka chilichonse mukutaya gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama imene munagulira, ngakhale musanalize injini. Galimoto yatsopano ndiyo imagwa mtengo mofulumira m'zaka zoyambirira, pamene yakale imagwa pang'onopang'ono koma imabweza pokupititsani kwa makaniko pafupipafupi. Kumene ndalama ikuchepa mphamvu chaka ndi chaka, munthu akhoza kugulitsa galimoto pa nambala yaikulu kuposa imene anagulira n'kumadzitama kuti wapindula, koma akapita kukafuna ina yofanana ndi mmene yakeyo inalili poyamba, m'pamene amazindikira kuti ndalama ili m'manjayo siikufikira.

Katswiri wina wa ku America wofufuza za malo oimika magalimoto, Donald Shoup, ankakonda kukumbutsa anthu kuti galimoto wamba imangokhala chiimire pafupifupi 95 peresenti ya nthawi yake. Yesani pa yanu: ngati mumayendetsa ola limodzi ndi theka patsiku, maola ena 22 ndi theka ili pabwalo kapena panja pa ofesi, ikukalamba ndi kudya inshuwalansi. Apa m'pamene pagona chinsinsi cha tsamba loyambali. Zolipira zake n'zofanana kwa woyenda makilomita 6,000 pachaka ndi woyenda 24,000, kotero kuti woyenda pang'onoyo amalipira kuwirikiza kanayi pa kilomita iliyonse. Munthu amene amaisunga galimoto kuti azipita nayo kokagula zinthu kumapeto kwa sabata kokha ndiye amene imamuboola m'thumba koposa, ngakhale iye amadziona ngati wosamala ndalama.

Ndalama zimene imadya ikamayenda

Patsamba lachiwiri yambani ndi mafuta, koma musadalire nambala imene opanga galimoto analemba m'kabuku kake, chifukwa nambalayo amaipeza poyesa m'njira yosafanana ndi mayendedwe a m'tauni m'mamawa. Yezani nokha. Dzazani thanki mpaka pampu itadziimitsa yokha, lembani nambala ya makilomita imene ikuoneka patsogolo pa chiwongolero, yendani maulendo anu a masiku onse, kenako mukadzazenso. Malita amene alowa ulendo wachiwiriwu muwagawe ndi makilomita amene mwayenda, n'kuchulukitsa ndi 100. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu kuti tsiku limodzi lachilendo lisakusokeretseni.

Tiyerekeze kuti mwapeza malita 8 pa makilomita 100, ndipo kuntchito kwanu ndi mtunda wa makilomita 15. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 30, masiku 22 a ntchito pamwezi ndi makilomita 660, ndipo mafuta ake ndi malita pafupifupi 53. Chulukitsani ndi mtengo wa lita imodzi kumene mukukhala. Dziwaninso kuti maulendo aafupi amadya mafuta ambiri pa kilomita kuposa aatali, popeza injini ikakhala yozizira imapsereza mafuta ochuluka, ndipo pamene magalimoto athithikana, injini yongolira pamalo amodzi imamwabe mafuta makilomita asakuwonjezeka.

Kenako bwerani ku zinthu zimene zimatha ndi kuyenda: matayala, oyilo ndi zosefera zake, mabuleki, batire, kilatchi, ndi zigwiriro za kunsi zimene msewu wa maenje umazithyola msanga. Njira yake ndi imodzi pa zonsezi. Mtengo wa chinthu muugawe ndi makilomita amene chimakhalitsa. Mwachitsanzo, ngati matayala anayi amakuyendetsani makilomita 40,000, ulendo wanu wa kuntchito wa makilomita 660 pamwezi ukudya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 60 a mtengo wawo mwezi uliwonse. Onjezerani ndalama yoimikira galimoto masana, yolipira pa zipata za misewu, yotsukitsa, komanso chindapusa ngati chaka chathachi munalipirapo, chifukwa munthu amene analipira kawiri chaka chatha n'kovuta kuti chaka chino asalipire konse.

Ine nditachita zimenezi koyamba, ndinakhuthula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera, mmene ndinkangoponyamo malisiti, n'kuwayala patebulo usiku ana atagona. Ena anali atafufutika ndi kutentha moti ndinkachita kuwapendeketsa pansi pa nyale kuti ndione nambala. A mafuta ndinkawayembekezera. Amene anandidabwitsa ndi timapepala ting'onoting'ono: kumata tayala, babu la nyale yakumbuyo, lamba wa injini, tsiku lina lokoketsa galimoto itazima pamphambano, ndiponso ulendo wachiwiri kwa makaniko yemweyo chifukwa phokoso limene anati walithetsa linayambiranso patatha masiku anayi. Palibe kapepala kamene kanali koopsa pakokha, koma nditaphatikiza onse ndinapeza kuti akufanana ndi mafuta a miyezi itatu. Ngati malisiti simusunga, funsani makaniko wanu kuti akukumbutseni zimene wakonza chaka chino, ndipo musachepetse nambala imene angakuuzeni.

Malamulo a mzinda wanu nawonso amasintha masamuwa. Singapore inayamba kulipiritsa magalimoto olowa pakati pa mzinda mu 1975, ndipo kuyambira 1990 munthu amayenera kugula kaye chiphaso cha zaka khumi chomuloleza kukhala ndi galimoto, chomwe nthawi zina chimaposa mtengo wa galimoto yeniyeniyo. London inayamba kulipiritsa olowa pakati pa mzinda mu February 2003, ndipo Stockholm, likulu la Sweden, inakhazikitsa msonkho wotere mu 2007 itayeserera chaka cha 2006. Ngati kumene mukukhala kuli zotere, kapena ngati malo oimika galimoto pafupi ndi kuntchito ndi olipira, ndalama imeneyo yokha ikhoza kugamula mlandu.

Tsamba la basi ndi sitima

Tsambali n'losavuta, koma lilembedwe moona mtima. Lembani ndalama ya ulendo wonse, kuphatikizapo basi yachiwiri ngati mumasintha panjira, ndi yokwerera njinga yamoto kapena takisi pa kachigawo kotsala kuchokera pasiteji kufika pakhomo. Werengerani masiku amene mudzatuluka mochedwa mabasi atasiya kuyenda, masiku a katundu wolemera, ndi maulendo angapo pachaka amene mudzachita hayala galimoto. Zimenezi ziyenera kulowa mbali ya basi, chifukwa ndizo zikulowa m'malo mwa galimoto imene mulibe. Fufuzani ngati kuli tikiti ya mwezi kapena khadi lotsitsa mtengo kwa okwera kawirikawiri, ophunzira ndi okalamba. Ku Germany, kuyambira May 2023, kuli tikiti imodzi ya pamwezi yokwerera mabasi ndi sitima za m'mizinda ndi m'zigawo m'dziko lonselo. Kumene madalaivala ndi makondakitala amakweza mtengo nthawi yoweruka kapena kukagwa mvula, lembani mtengo umene mumalipira zoona, osati wolembedwa pa chikwangwani.

Chinthu chimodzi chimatembenuza masamu onse, ndicho chiwerengero cha anthu. Galimoto imadya pafupifupi zofanana kaya mwakwera nokha kaya muli anayi, pamene pa basi mutu uliwonse umalipira. Munthu mmodzi wopita ku ofesi ya pakati pa tauni nthawi zambiri amapulumutsa ndalama pokwera basi, koma banja la anthu anayi lonyamukira limodzi, ana n'kutsikira kusukulu imene ili m'njira yomweyo, likhoza kupeza kuti galimoto ndiyo yotsika mtengo. Koma mawu oti “m'njira yomweyo” muwasamale, pakuti kupatuka makilomita asanu kukasiya munthu kumawonjezera makilomita khumi tsiku lililonse.

Nthawi

Apa m'pamene anthu amadzinamiza kwambiri, ndipo mbali zonse ziwiri n'zolakwa. Woyendetsa amatchula nthawi ya Lamlungu masana msewu uli mbee, wokwera basi amatchula nthawi imene amakhala m'basimo, kuiwala yodikira. Yezani ndi wotchi kwa masabata awiri, kuyambira pamene mwakhoma chitseko cha nyumba mpaka pamene mwakhala pampando wa kuntchito. Mbali ya galimoto muwerengere nthawi yozungulira kufuna poimika ndi yoyenda pansi kuchokera pamenepo. Mbali ya basi muwerengere kuyenda kupita pasiteji, ndipo dziwani kuti munthu wamkulu amayenda pafupifupi makilomita 5 pa ola, kotero mamita 400 ndi mphindi zisanu.

Kudikira kumadalira kuchuluka kwa mabasi kuposa liwiro lawo. Ngati basi imadutsa mphindi 10 zilizonse ndipo inu mumangofika pasiteji osayang'ana ndandanda, mudzadikira mphindi zisanu mukatenga pakati. Ngati imadutsa mphindi 40 zilizonse, mudzadikira 20, ndipo kuchedwa kwa mphindi imodzi kukhoza kukutayitsani mphindi 39. Kumene minibasi siinyamuka isanadzaze, nthawi yodikira ilibe mwini, ndipo yankho lake n'kuphunzira maola amene imadzaza msanga kapena kukakwerera pa siteji ya m'njira. Kusintha basi panjira kumabweretsa kudikira kwachiwiri, choncho basi imodzi yozungulira pang'ono nthawi zambiri imaposa ziwiri zodutsa chidule.

Mukamaliza masabata awiriwo, musangotenga nthawi ya pakati. Yang'anani tsiku loipitsitsa, chifukwa ndilo limakuuzani nthawi yodzukira. Ulendo wa mphindi 45 tsiku lililonse ndi wabwino kuposa umene lero ndi mphindi 25, mawa ola lathunthu, popeza abwana kuntchito ndi aphunzitsi kusukulu ya ana saona nthawi ya pakati, amaona tsiku limene mwachedwa. Pa mfundo imeneyi, funso lofunika ndi lakuti kodi basi yanu ili ndi njira yakeyake kapena imathithikana pamodzi ndi magalimoto ena. Basi yogwidwa m'chipwirikiti chimodzimodzi ndi galimoto siingapambane pa liwiro, chifukwa imaimanso pa siteji iliyonse. Koma sitima ya panjanji, kapena basi ya m'njira yopatulidwa monga anayambitsira ku Curitiba m'dziko la Brazil mu 1974, ndipo kenako ku Bogotá mu 2000, Lagos mu 2008, Johannesburg mu 2009 ndi Dar es Salaam mu 2016, imadutsa magalimoto ali ndondondo pamzere, ndipo nthawi yake ndi yodalirika.

Pali kawerengedwe kena kamene ndimakakonda ngakhale kamakwiyitsa eni magalimoto. M'zaka za m'ma 1970, woganiza mozama wina, Ivan Illich, anawerengetsa kuti mwamuna wamba wa ku America ankapereka maola oposa 1,600 pachaka kwa galimoto yake, kuphatikizapo oyendetsa, oimika, ndi ogwira ntchito kuti apeze ndalama zolipirira galimotoyo, n'cholinga choyenda makilomita pafupifupi 12,000. Mukagawa, liwiro lake lenileni silinkafika makilomita 8 pa ola. Manambala ake ndi akale ndipo ena amawatsutsa, koma njira yake mukhoza kuigwiritsa ntchito lero. Gawani malipiro anu a pamwezi ndi maola amene mumagwira kuti mudziwe mtengo wa ola lanu limodzi. Kenako tengani ndalama imene galimoto ikuposa nayo basi pamwezi, muigawe ndi mtengo wa olalo. Mukapeza kuti mumagwira ntchito maola 30 pamwezi kulipirira galimoto imene ikukupulumutsirani maola 15 a pamsewu, ndiye kuti mukugula nthawi pa mtengo wowirikiza. Mukapeza kuti ikukupulumutsirani maola 40, yendetsani ndi mtima pansi.

Zimene kope silingayeze bwino

Mtengo si ndiwo wokha umene umasuntha anthu. Tallinn, likulu la Estonia, inachotsa malipiro a mabasi kwa nzika za mzindawo mu 2013, ndipo Luxembourg inachita zimenezi m'dziko lonse mu 2020, komabe Luxembourg ikadali limodzi mwa mayiko a ku Ulaya okhala ndi magalimoto ochuluka kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Munthu saisiya galimoto chifukwa basi ndi yaulere ngati basiyo siifika kumene akupita pa nthawi imene akufuna. Namwino woweruka pakati pausiku, mmisiri wonyamula zida, mayi wa mwana wodwaladwala, munthu woyendera njinga ya olumala kumene mabasi alibe pokwerera pabwino, onsewa ali ndi zifukwa zimene sizigonja ku masamu. Ndinaonapo mayi wina pasiteji mvula ikugwa, mwana ali kumsana, ambulera m'dzanja limodzi, dzanja lina lagwira wamkulu wa yunifolomu ya sukulu, mabasi atatu odzaza atamudutsa osaima. Munthu wotere simungamuuze za mtengo wa kilomita imodzi.

Komanso basi ili ndi zabwino zake zosalembeka. Mphindi 40 mutakhala pansi mukuwerenga, kuyankha mauthenga kapena kuwodzera si zofanana ndi mphindi 40 phazi lili pa kilatchi, maso pa nyale zofiira za galimoto ya patsogolo. Koma mphindi 40 mutaimirira mopanikizana, dzanja limodzi pachitsulo lina litateteza foni m'thumba, si mpumulo ayi. Pa chitetezo, bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. M'mayiko amene mabasi ndi sitima zimayendetsedwa motsata malamulo, wokwera zimenezi ndi wotetezeka kuposa wa m'galimoto yaing'ono pa mtunda wofanana, koma minibasi yodzaza mopitirira muyezo, ya matayala osalala, yothamangira kulanda okwera pa siteji yotsatira, si ya m'gulu limenelo. Yang'anani matayala ndi mayendetsedwe a dalaivala, ndipo musachite manyazi kutsika.

Mukamaliza kuwerengetsa, musafulumire kugula kapena kugulitsa. Yesani kaye mwezi umodzi wathunthu, ndipo musankhe mwezi wovuta, wa mvula kapena wozizira, osati wa tchuthi pamene misewu ili yopepuka. Ngati galimoto muli nayo, isiyeni pakhomo masiku onse a ntchito n'kumalemba tsiku lililonse limene mwaisowa kwenikweni ndi chifukwa chake. Masiku otere akapezeka awiri kapena atatu okha pamwezi, yerekezani mtengo wa takisi kapena wa hayala pa masiku amenewo ndi tsamba loyamba lija la inshuwalansi ndi kutsika mtengo. Akachuluka, ganizirani njira za pakati: kuyendetsa mpaka pa siteshoni n'kukwera sitima kulowa m'tauni, kusinthana masabata oyendetsa ndi mnzanu wa kuntchito wokhala chigawo chimodzi, kapena, pabanja la magalimoto awiri, kugulitsa imodzi n'kusunga inayo. Mukagwirizana zokwera limodzi, pangananitu za ndalama ya mafuta ndi mphindi zimene mungadikirane musanayambe, ndipo funsani a inshuwalansi ngati pangano lanu limalola kulandira ndalama kwa okwera. Kope lija mulisunge, ndipo mulitsegulenso mukasamuka nyumba, mukasintha ntchito, mwana akayamba sukulu, kapena mtengo wa mafuta ndi wa basi ukasintha.